Mayi wa ku Linthipe wandifunsa za Mr Bean, ndipo wandikanda pachilonda

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Linthipe. Mwana wawo wamwamuna ali Folomu 3, koma wayamba kujomba kusukulu chifukwa chojambula timavidiyo toseketsa n'kumaika pa TikTok. Akamudzudzula, akuti amayankha kuti Mr Bean analemera osalankhula n'komwe, ndiye sukulu n'njachiyani. Mayiwa akufunsa ngati n'zoona kuti mzungu ujayu ndi mpondamatiki, komanso ngati amulande mwanayo foni.

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinatuluka panja osavala juzi, chonsecho kunali chisanu chija cha kuno ku Lizulu chobaya m'mafupa. Mwana wanuyo ndine ndemwe. Kungoti ine nthawi yanga kunalibe foni.

Mr Bean ndinamudziwira m'kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika. Kanali ka zidina, mawindo otseka ndi masaka a feteleza, mabenchi a matabwa osapala oti ukadzuka mwaphuma kabudula amatsala pa msomali. Jenereta inkalira panja ngati chigayo. Tsiku la msika tinkasenzera amalonda matumba a kachewere ndi kabichi, kuwoloka nawo msewu wa M1 kuchoka tsidya la Mozambique, timakobidi tonse n'kukathera pakhomo la vidiyo. Mafilimu a karate ankafuna womasulira. Panali mkulu wina ankakhala kutsogolo n'kumatiuza zimene azungu akunena, theka lake kumangopeka. Koma akangoika tepi ya bambo wa jekete la bulauni ndi tayi yofiira, womasulira uja ankatuluka kukasuta fodya. Ntchito yamuthera. Agogo ena ogulitsa thobwa, oti Chingerezi sankachidziwa ngakhale moni, tsiku lina anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje ataona mutu wa bambo uja utakanirira m'mimba mwa nkhukundembo.

Ena onse ankangoseka. Ine ndinkayang'anitsitsa pakamwa pake, chifukwa ndinali wachibwibwi.

Chibwibwi changa sichinali chamasewera. Ndili Sitandade 6, aphunzitsi ena anandiimiritsa kuti ndiwerenge ndime, ndipo ndinakakamira pa mawu akuti "bambo". B imeneyo inakana kutuluka. Kalasi lonse linafa nalo phwete, aphunzitsiwo n'kunena kuti, "Khala pansi iwe, belu lingatilirire tili pa bambo ako omwewo." Teremu yonse anzanga ankandiitana Ba-ba-ba. Ndiye taganizani mwana wotero akuona munthu wamkulu akugwetsa anthu ndi chiseko popanda kutsegula pakamwa. Ndinati basi, njira yanga ndi imeneyi.

Ku sekondale ndinalowa kalabu ya zisudzo, ndipo kumeneko kunachitika chinthu chimene mpaka lero chimandizunguza mutu. Anandipatsa mbali ya mesenjala wa amfumu woledzera. Nditavala chikhoti chong'ambika n'kuyamba kudzandira, mawu anangotuluka okha, osakodwa paliponse. Ndikavula chikhoticho chibwibwi n'kubwerera. Mundiuze, mwana wa zaka 17 amene kwa nthawi yoyamba anthu akumuombera m'manja m'malo momunyogodola, mungamuuze za masamu akumvani?

Ndinasiya sukulu teremu yachiwiri ya Folomu 3. Folomu yomweyo ya mwana wanu, Mayi, n'chifukwa chake ndinatuluka panja usiku uja. Bambo anga sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anali pakhonde akusongola mpini, anangoti, "Iwe, anthu akamakuseka usamayese kuti akudyetsa." Amayi analira masiku awiri.

Tinali anthu asanu ndi awiri m'gulu lathu. Tinayenda: Kampepuza, Tsangano, Bembeke, mpaka kutsika ku Golomoti kotentha kuja, titakhala pamwamba pa matumba m'malole. Zinali zaka zimene mabungwe ankafuna masewero a Edzi, ndiye ankatitenga kukasonkhanitsa anthu pabwalo. Ife tikawasonkhanitsa, mabwana ankalankhula, n'kujambulitsa zithunzi za malipoti awo, n'kukwera galimoto zoyera. Ife botolo la Fanta, banzi, ndi kandalama ka thiransipoti kosafika n'kwathu komwe. Sindikunena kuti sitinkasangalala. Usiku wina ku Tsangano anthu anakana kubalalika mpaka tinabwereza sewero lonse powala nyali za lole, ndipo chisangalalo ngati chimenecho sindinachipezenso kwina kulikonse. Koma chisangalalo sugulira sopo.

Chimene chinandithyola msana ndi ichi. Kunabwera bambo wina ndi kamera, wolankhula mokoma, n'kutiuza kuti atijambula masewero anayi kuti tidziwike dziko lonse. Pepala losainirana panalibe, ndipo ife sitinafunse, poti tinkaona ngati mwayi watigwera. Anatigulira nsima ya nyama yambuzi. Patatha miyezi ingapo ndili pa boma la Ntcheu, ndinaona CD pa benchi ya wogulitsa nyimbo, pachikuto pali nkhope yanga ndi chikhoti chija. Ndinaitola manja akunjenjemera. Mnyamata wogulitsayo anandiyang'ana, n'kuyang'ana chikutocho, n'kuseka, kenako anati, "Ndinu eti, achimwene? Ikuyenda kwambiri imeneyi. Mugula?" Ndinalibe ndalama yogulira nkhope yanga yomwe. Akuluakulu aja sananame: chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina.

Ndinabwerera kusukulu yamadzulo ndili ndi zaka 24, kukhala benchi limodzi ndi ana oti ndinkawanyamula ali makanda. MSCE ndinakhoza pa ulendo wachiwiri.

Nanga mzungu ujayu ndi ndani?

Apa mumuitane mwana wanu awerenge yekha. Dzina lenileni ndi Rowan Atkinson, anabadwa pa 6 January 1955 ku Consett, kumpoto kwa England, chitsirizira m'banja la ana aamuna anayi. Bambo ake anali mlimi. Ndipo amene mwana wanu akumuyesa mbuli yamwayiyu ndi injiniya wa zamagetsi. Digiri yoyamba anaitenga ku Newcastle University, yachiwiri ku Oxford. Ku Oxford komweko ndi kumene anakumana ndi Richard Curtis, mlembi amene anadzapanga naye Mr Bean. Kutanthauza kuti mnzake womuthandiza kulemera anamupeza kusukulu, osati pa msika.

Nayenso anali wachibwibwi, ndipo ananenapo kuti chimachoka akamasewera ngati munthu wina. Tsiku limene ndinawerenga zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali.

Komanso si zoona kuti analemera osalankhula. Asanavale tayi yofiira ija anali atagwira kale ntchito zaka khumi pa wailesi ya kanema ya BBC, kuyambira 1979, m'masewero odzaza ndi mawu, monga Blackadder amene anayenda kuyambira 1983 mpaka 1989. Mr Bean anayamba kuonetsedwa pa 1 January 1990 n'kutha mu 1995, ndipo zigawo zake zonse ndi 15 zokha. Zokhazo basi. Ife tinkaona ngati zilipo mazana chifukwa tepi yomweyo ankangoibwereza. Zaka zisanu ndi chimodzi, zigawo 15: muone kudekha kwake. Kupusa kumene kuja n'kopima ngati waya wamagetsi, chikope chikwere liti, dzanja lifike pati, aime masekondi angati anthu asanaphulike. Mwiniwake ananenapo kuti kusewera Mr Bean kumamutopetsa ndiponso kumamupanikiza maganizo. Mu 2012, potsegulira masewero a Olympics ku London, anamukhazika pakati pa gulu lalikulu la oimba kuti azingodina batani limodzi la kiyibodi, ndipo dziko lonse linaseka. Kuti batani limodzi likuseketseni, pamakhala zaka makumi atatu za thukuta kumbuyo kwake.

Ndipo poti nkhani ndi ya sukulu, chigawo choyambirira penipeni ndi cha mayeso a masamu. Mr Bean wafika ndi zolembera zodzaza matumba, wawerenga mbali imodzi yokha ya masamu, wasolola pepala la mbali inayo, n'kutha nthawi yonse akuyesa kuonera kwa mnzake. Kutatsala mphindi ziwiri ndi pamene akuzindikira kuti mu envulopu munali mapepala awiri, lina la zomwe anawerenga zija. Sewero lotere sangalembe munthu amene sanakhalepo m'chipinda cha mayeso mtima ukugunda.

Za ndalamazo

Inde Mayi, ndi wolemera, ndipo kwambiri. Manambala amene amalembedwa pa masamba a intaneti aja oti "chuma cha wakutiwakuti ndi chakuti" musamawakhulupirire, n'ngongoyerekeza, tsamba lina limakopera linzake. Ndi anthu omwewo amene amupha kangapo konse pa Facebook, munthu ali moyo ndipo wadutsa zaka 70. Koma pali zooneka ndi maso. Filimu ya Mr Bean ya 1997 inapanga ndalama zoposa madola 250 miliyoni padziko lonse. Chaka chomwecho anagula galimoto ya mtundu wa McLaren F1, imene kampani yake inapanga 106 zokha. Anachita nayo ngozi kawiri. Ya 2011 anaomba mtengo, ndipo a inshuwalansi analipira mapaundi 910,000 kuti ikonzedwe. Mu 2015 anaigulitsa, nyuzipepala za kwawo n'kulemba kuti pamtengo wa mapaundi pafupifupi 8 miliyoni. Galimoto yogundidwa kawiri! Kuno minibasi ikagunda mbuzi pa Biriwiri mtengo wake watsika kale.

Koma funso loti mwana wanu adzifunse si lakuti ndalamazo ndi zingati. Adzifunse kuti zimayenda bwanji kuchoka pa chiseko kukafika m'thumba. Kwawo kuja sewero lili ndi mwini, lili ndi mapepala. Wailesi ya kanema ya dziko lililonse ikafuna kulionetsa imalipira. Kenako kunabwera matepi, ma DVD, zidole, makatuni a ana kuyambira 2002, lero YouTube. Ntchito ya 1990 ikubalabe ngati mtengo wa mango wa agogo. Ife m'kanyumba ka vidiyo kaja tinali mbali ya anthu amene sankalipira mwiniwake, ndivomereze, ndipo mwina n'chifukwa chake Mulungu anandionetsa CD ija.

Apa ndiye ndipsa mtima pang'ono, mundikhululukire. Amalawife timakonda kuseka koma sitikonda kulipira wotiseketsa. Timafuna kulowa ulere chifukwa "timadziwana", nyimbo ndi masewero timakopetsa pa memori kadi, ndipo paukwati wanthabwala timamuika pamndandanda womaliza, pambuyo pa wokongoletsa holo ndi wa zokuzira mawu. Ndi ndani wa msinkhu wanga amene sanakulire pa Izeki ndi Jakobo? John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021. Luso la anthu awiri aja silinkachepera kwa mzungu aliyense, ndipo ndingatsutsane ndi wina aliyense pa zimenezi mpaka tambala kulira. Anaseketsa mtundu wonse zaka makumi angapo. Koma dzifunseni nokha, inu amene munaseka, kuti pa kuseka konse kuja munatulutsapo zingati zopita kwa eni ake. Ine ndadzifunsa ndipo yankho landichititsa manyazi. Tikamva kuti katswiri wamwalira ndiye timathamangira pa Facebook kulemba kuti dziko lataya munthu.

Wina andiuza kuti nanga Manganya, si uja anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024? Eya, anafika. Koma Michael Usi uja wa Tikuferanji ali ndi digiri ya ukachenjede ya PhD, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku ADRA. Mukuiona nkhani yake? Aliyense amene timamutchula kuti anapita patali ndi uchitsiru, ukavundukula chikhoti chong'ambikacho umapeza munthu wa mabuku. Ine ndinavala chikhoti chokha, mkati mulibe kanthu, ndiye wa kamera uja anandidya ngati therere.

Ndatalikitsa, Mayi. Foni musamulande, mungomusandutsa wakuba mafoni a anzake, komanso mwina luso alinalodi. Mupangane naye: Lolemba mpaka Lachisanu sukulu, kujambula Loweruka, ndipo akajomba tsiku limodzi foni igone m'chikwama chanu sabata yonse. MSCE alembe. Wina akadzabwera ndi kamera ndi mawu okoma, pasakhale kujambula popanda pepala losainirana, ndipo akakula pang'ono akafunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, za kalembetsedwe ka ntchito zake. Loweruka likubwerali mukhale naye pansi muonere limodzi kavidiyo kake kamodzi, inu amayi ake. Kakakuseketsani musadzigwire. Kenako munditumizireko pa imelo yomweyi, ndikufuna ndione ngati amadziwa kudikira anthu asanaseke.