Kodi ndisiye choko ndithamangire digiri?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa Sitandade 3 ku Mulanje. Akuti m'kalasi mwawo muli ana oposa 100, ndipo awiri mwa iwo samva bwino. Mtima wawo uli pa kudzakhala lekichara wosula aphunzitsi pa nkhani yophunzitsa ana aulumali pamodzi ndi anzawo, koma akufunsa ngati ayenera kusiya kalasi kuti athamangire digiri.

Aphunzitsi, njira yake njodziwika. Ku koleji ya Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, amasula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Pafupi pomwepo pali Catholic University of Malawi, kumene mungatenge digiri ya maphunziro omwewa. Digiri yoyamba ingakutsegulireni khomo lokaphunzitsa ku TTC (koleji yosula aphunzitsi a pulayimale), koma ku yunivesite adzakufunsani masitazi (digiri yachiwiri), kenako PhD (digiri yachitatu) ndi kafukufuku wosindikizidwa. Zimenezi zimadya zaka, ndalama osanena.

Koma ine ndikuti musafulumire kuthawa kalasi yanuyo.

Chaka cha 1994 maiko anagwirizana ku Salamanca, m'dziko la Spain, kuti mwana aliyense aziphunzira pa sukulu ya kwawo limodzi ndi anzake. Chaka chomwecho Malawi anayamba pulayimale yaulere, ndipo ana anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Mfundo yabwino ija inafikira m'makalasi odzaza mpaka pakhomo, ena apansi pa mtengo. Mabuku ambiri amene mudzawerenge pa masitazi analembedwa ndi anthu amene kalasi yotere sanaionepo. Inu mumalowamo m'mawa uliwonse.

Ndinaonererapo mphunzitsi wina wachinyamata ali pa tichingi pulakitisi. Za Salamanca ankazilakatula ngati pemphero. Koma atangoyamba phunziro anatembenukira ku bolodi, nkumalankhula uku akulemba, mphindi khumi zathunthu. Kamtsikana kosamva kamene kamadalira kuyang'ana milomo kanangotsala ndi msana wa aphunzitsi. Kanayamba kujambula maluwa m'kope. Mnyamatayo sindinamuimbe mlandu. Amene anamusula sanamuuze kuti ukamalankhula uziyang'ana ana, kuwala kwa pa windo kuzigwa pankhope pako, ndipo mwana wotereyo akhale kutsogolo chapambali kuti aziona iwe ndi anzake omwe. Sanamuuzenso kuti mwana wachialubino amafuna zilembo zikuluzikulu, komanso kuti chipewa chake si mwano.

Choncho phunzirani muli pantchito, kapena mupemphe tchuthi chokaphunzira m'malo mosiyiratu. Yambani chinenero cha manja panopa. A bungwe la anthu osamva la MANAD angakulozereni kopita, ndipo ana anu awiriwo adzakukonzani mukalakwitsa, mwinanso kukusekani. Braille nayo, ija ya zilembo za anthu osaona, muigwireko ndi zala, osangoidziwa dzina. Lekichara wa maphunzirowa amene sangathe kupereka moni kwa mwana wosamva amandichititsa manyazi, kaya akhale ndi mapepala angati.

Gulaninso kope lapadera. Tsiku lililonse lembanimo zimene mwayesa pa ana awiriwo: munawakhazika pati, anamva ziti, anasochera pati, makolo awo anati chiyani. Maina awo enieni musalembe. Akadzakufunsani mutu wa kafukufuku pa masitazi, mudzangotsegula kopelo. Mukafika pamenepo mundilemberenso, tidzathandizane kusankha.