Mafunso Anu: Manambala a mvula paokha sakwanira?

Funso: Ndine mtsikana wa chaka chomaliza ku Chanco. Ndasonkhanitsa ziwerengero za mvula m'malo angapo, kutsata mtsinje wa Likangala mpaka ku Kachulu, kugombe la nyanja ya Chilwa. Aphunzitsi anga akuti ndizichotse mu Excel, ndiziike mu NetCDF, ndipo ndilembemo metadata. Kodi manambalawo paokha sakwanira? Wowerenga wa ku Matawale, Zomba.

Yankho: Achemwali, sakwanira ayi, ndipo aphunzitsi anuwo sakukuvutitsani dala.

Taonani kadi ya mwana ya kusikelo. Mzere wam'munsi ndi miyezi, wam'mbali ndi makilogalamu, pamwamba pali dzina ndi tsiku lobadwa. Namwino wa ku Domasi kapena wa ku Karonga akaitenga, sachita kufunafuna amene anailemba. NetCDF, mtundu wa fayilo yosungira manambala a sayansi imene anaiyambitsa a bungwe la Unidata ku Boulder, Colorado, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, cholinga chake n'chomwecho: fayilo izidzifotokoza yokha.

Mizere ija ndiyo amati dimensions. Mafayilo ngati a CHIRPS, nkhokwe ya ziwerengero za mvula kuyambira 1981, amakhala ndi itatu: nthawi, latitude ndi longitude. Inu iwiri ikukwanani, nthawi ndi siteshoni, koma siteshoni iliyonse ikhale ndi latitude ndi longitude yake. Zomba ali pafupifupi pa -15.4 ndi 35.3. Kamzere kali kutsogolo kwa 15 ko musakaiwale, chifukwa mukakasiya, mvula ya ku Likangala kompyuta ikaigwetsa ku Sudan.

Metadata ndi mawu oyenda limodzi ndi manambala. Pali malamulo otchedwa CF Conventions amene akatswiri a zanyengo amatsata. Lembani units kuti "mm", ngakhale mukuona ngati aliyense akudziwa. Mafayilo ambiri a climate model (mapulogalamu oyerekeza nyengo pa kompyuta) amalemba mvula mu kg m-2 s-1, kutanthauza makilogalamu pa sikweya mita pa sekondi, ndipo pamafunika kuchulukitsa ndi 86,400, omwe ndi masekondi a tsiku lonse, kuti mupeze mamilimita a tsiku limodzi.

Pamene ine ndimakakamira kwambiri ndi pa masiku amene simunayeze. Tsiku loti mvula sinagwe ndi 0. Tsiku loti woyeza anapita kumaliro, kapena ana anagubuduza choyezera, si 0. Mu Excel anthu amangosiya mpata, wina n'kudzadzazamo ziro poganiza kuti akukonza. Sankhani nambala yoti singakhale mvula, monga -9999, ndipo muilembe pa _FillValue kuti mapulogalamu aziidumpha. Mukapanda kulemba, adzaiphatikiza powerengera avereji, mwezi wa Januwale n'kutuluka ndi mvula yochepera ziro. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, inadzaphwanso kwambiri mu 2018. Munthu wofufuza zaka ngati zimenezo ayenera kusiyanitsa chilala chenicheni ndi kope limene linangosowa.

Nthawi nayo ili ndi msampha wake. NetCDF imasunga masiku ngati nambala, choncho mumalemba poyambira kuwerenga, mwachitsanzo "days since 1970-01-01". Mukapanda kunena kuti ndi nthawi ya kuti, pulogalamu imatenga kuti ndi nthawi ya UTC, imene mayiko onse amayezerapo nthawi zawo, pamene ya kuno ili patsogolo ndi maola awiri. Komanso ngati mumayeza m'mawa, madzi amene mwapezawo ambiri ndi adzulo ndi usiku. Mwawalemba pa tsiku liti? Nenani pa gawo la metadata lotchedwa comment. Zimenezi mukuzidziwa inu nokha, ndipo pofika pa graduation mudzakhala mutaziiwala.

Pamwamba pa fayilo ikani title, institution, source ndi history: anayeza ndani, ndi choyezera chotani, munakonzamo chiyani. Maina ndi manambala a foni a anthu akumudzi amene anakuthandizani musaikemo.

Mukamaliza, lembani lamulo la ncdump -h ndi dzina la fayilo kuti muone metadata yake, kapena itsekuleni mu Panoply, pulogalamu yaulere ya NASA. Kenako mupatse mnzanu wa m'kalasi amene sanapondeko ku Kachulu, inu mukhale chete. Funso lililonse limene angakufunseni, yankho lake mukalilembe mu fayilomo musanaipereke kwa aphunzitsi.