Makina awonetsa U0100: kodi ndigule kompyuta bokosi ina?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Nkhotakota amene amayendetsa Sienta yonyamula anthu pakati pa boma ndi Salima, mumsewu wa M5. Akuti galimoto imathima yokha ili paulendo, magetsi a pa dashibodi n'kuyaka onse nthawi imodzi, koma akadikira pang'ono n'kuiliza imalira bwinobwino. Atapita nayo kugalaja anailumikiza ku makina ofufuzira mavuto a galimoto, n'kutuluka nambala ya vuto U0100. Makaniko anangoti kompyuta bokosi, imene imayendetsa injini, yapsa, agule ina. Funso lawo ndi lakuti agule kapena ayi.

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye m'thumba.

Nambala zimenezi zili ndi kawerengedwe kake. Ikayamba ndi P, nkhani ndi ya injini kapena giyabokosi. C ndi za mabuleki a ABS, chiwongolero ndi zina za kunsi, B ndi za m'bodi monga ma airbag. U ndiye ya kulankhulana, chifukwa m'galimoto za masiku ano mumakhala timakompyuta tingapo totumizirana mauthenga kudzera pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN. Choncho U0100 sakulemba ndi kompyuta ya injini ayi. Akulemba ndi anzake, monga ya ABS kapena ya chiwongolero, kudandaula kuti taitana mnzathu wa injini koma sanayankhe. N'chimodzimodzi kuimbira m'bale wanu ali pa nyanja foni osalowa. Mwina foni yafadi, komanso mwina yangotha moto kapena ali posagwira netiweki.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi chakuti galimoto imadzalira ikapuma. Kompyuta yopseratu nthawi zambiri sidzukanso. Yanuyi ikuoneka ngati ikumalandidwa moto kwa kanthawi, ndiye poyambira ndi pa batire. Muyeze ndi mita yoyezera magetsi m'mawa musanalize: batire yodzaza imaonetsa mavolti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamalira iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kukwera, kayikirani alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira. Kutentha kwa kunyanja kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kumakalambitsa batire msanga kuposa kumtunda. Gwedezaninso mitu ya batire ndi dzanja. Ndaona ambiri atakhomerera kamsomali kapena kachidutswa ka chitini pamutu wokhwefuka, ndipo pa mabampu a msewu umene mumayendawo, kachitsuloko kakangosuntha moto umaduka.

Mukachoka apo tsatirani waya wa earth, wochoka ku batire kupita ku bodi ndi wina wopita ku injini. Masulani bawuti, palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba. Kenako tsegulani bokosi la mafyuzi. Pa Toyota fyuzi ndi relay (kaswitchi koyendera magetsi) zodyetsa kompyuta ya injini zimalembedwa EFI. Fyuzi imatha kuoneka yamoyo koma miyendo yake ili yakuda ndi kutentha, kapena yosagwira bwino pamalo pake.

Chaka chatha kuno ku Salima anandibweretsera Vitz ya mayi wina wogulitsa usipa ku Senga Bay, nambala yake yomweyi. Anali atagula kale kompyuta bokosi yakale ku Lilongwe, vuto osatha. Nditazula pulagi yaikulu ya kompyuta ndinapeza timapini tiwiri tobiriwira, tokutidwa ndi ufa ngati ndere youma. Anandiuza kuti anyamata otsuka galimoto ankathira madzi a paipi mu injini sabata iliyonse pofuna kuchotsa fungo la nsomba. Ndinatsuka timapinito, kuumitsa, kubwezera kompyuta yake yoyamba ija, galimoto n'kulira. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndalama imene anataya inali mpamba wake wa geni.

Makoswe nawo musawaiwale. Galimoto yonyamula matumba a chimanga, mpunga kapena nsomba imawaitana, ndipo usiku amakonda kufunda kwa injini. Unikani ndi tochi mtolo wonse wa mawaya, muone ngati pali potafunidwa kapena pokhuzika ndi chitsulo. Ngati munaikitsa wailesi, alamu kapena tracker posachedwa, muuzeni amene akukonzayo, poti ena amadula mawaya osawadziwa.

Wodziwa za magetsi a galimoto ali ndi kayezedwe kena kosavuta. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16, pamene amalumikiza makina paja. Akachotsa batire n'kuyeza pakati pa bowo la 6 ndi la 14, mzere wa CAN wabwino umaonetsa ma ohm pafupifupi 60. Ikawerenga 120, penapake waya waduka kapena pulagi siikugwira. Ikatsikira kufupi ndi 0, mawaya awiriwo agundana. Ntchito ya mphindi zochepa chabe.

Pempho langa lina: musalole kuti afufute manambala musanawajambule pa foni. Makina ayende m'makompyuta onse, osati ya injini yokha, ndipo mulembe chilichonse chatuluka. Ngati pali nambala zina zonena za kuchepa kwa moto, zimenezo zikulozanso ku batire ndi mawaya. Dziwaninso kuti timakina totchipa tolumikiza ku foni sitiwerenga bwino galimoto zina zochokera ku Japan.

Kompyuta bokosi imafa ndithu, makamaka ikalowa madzi kapena wina akasemphanitsa mawaya pobwerekana moto wa batire. Zonse ndatchulazi zikapezeka zili bwino, moto ndi earth zikufika pa pulagi koma iyo ili chete, pamenepo gulani. Nambala yolembedwa pa bokosilo ifanane ndi ya yanu, ndipo ngati kiyi wanu ndi wa immobiliser, uja wokhala ndi kachipangizo koletsa galimoto kulira ndi kiyi wachilendo, funsiranitu amene adzagwirizanitse kiyiyo ndi kompyuta yatsopanoyo, apo ayi galimoto sidzalira.

Mukayeza batire ndi mabowo awiri aja, munditumizire zimene mita yawerenga pamodzi ndi chithunzi cha manambala onse, tione limodzi potsatira.