Njinga yamoto yokana kulira m'mawa kukazizira

Achimwene, njinga yanuyo ikamakana kulira m'mawa wa chiperoni chonchi, kokani choko (kachitsulo kochepetsa mpweya wolowa mu injini kuti petulo achuluke), musayipatse moto, mumenye kiki osati sitata. Ikalira isiyeni izilira yokha mphindi 2 kapena 3 kenako bwezani choko pang'onopang'ono. Kukazizira petulo sagwira moto msanga, oyilo amalimba ngati phala komanso batire imafooka ndiye sitata imangoti tche tche basi. Yanga kuno ku Bangwe inkandizunza chimodzimodzi mu June, nditachotsa pulagi (yomwe imayatsa petulo mu injini) ndinapeza yakuda bii ndi mwaye, ndinayipukuta, mu injini n'kuthiramo oyilo wa 10W-40, mpaka pano kiki imodzi yalira. Usiku muziyiimika pakhonde n'kuyifunditsa, mame aja amanyowetsa mawaya. Koma ikamatulutsabe utsi wakuda itatentha kale, pitani nayo kwa makaniko akaone kabureta (mosakanizira petulo ndi mpweya), musamasule nokha.