Zitseko zakale za nyenyezi sankazisema pa thabwa limodzi

Mmisiri wina wa matabwa wa ku Mangochi wanditumizira imelo. Akuluakulu a mzikiti wa kwawo anamupempha chitseko cha nyenyezi zolukanalukana, zofanana ndi za pa zithunzi za zitseko zakale. Iye anasema pa thabwa lalikulu la mlombwa, koma chilimwe chitafika mng'alu unadutsa pakati penipeni pa nyenyezi. Ndiye akufunsa kuti: "Akalewo ankatani kuti zawo zithe zaka mazanamazana osang'aluka? Kodi zimenezi ndiye zitseko za ku Zanzibar?"

Achimwene, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi lopepuka. Ayi, si zomwezo. Chitseko cha ku Zanzibar, ku Lamu kapena ku Bagamoyo ulemerero wake uli pa felemu ndi pa mtanda wa pakati. Pamenepo amasemapo maluwa, unyolo, nsomba, mafunde a nyanja, ndipo pamwamba nthawi zambiri pamakhala mawu a m'Korani. Zina, za mutu wozungulira ndi zisonga zamkuwa, zinatengera ku India ndipo zinafala m'nthawi ya Sultan Barghash, amene analamulira Zanzibar kuyambira 1870 mpaka 1888. Nyenyezi zimene akuluakulu anu akufuna kwawo ndi kwina: ku Egypt, Syria, Turkey ndi Morocco.

Tsono chinsinsi chake ndi ichi. Zabwino kwambiri mwa zitseko zimenezo sizinasemedwe pa thabwa limodzi. Anachita kulumikiza tizidutswa tambirimbiri. Anthu a ku Turkey lusoli amalitcha kündekari. Nyenyezi iliyonse ndi kachidutswa pakokha, timatabwa ta ngodya zisanu kapena zisanu ndi imodzi toizungulira natonso ndi patokhapatokha. Mizere yolukana ija, imene pa chithunzi imaoneka ngati yojambula, ndi timitanda topyapyala tokhala ndi ngalande m'mbali. Kachidutswa kalikonse kali ndi lilime lolowa m'ngalandemo. Palibe msomali, palibe guluu. Felemu yakunja ndi imene imamanga zonse pamodzi.

Inu mukudziwa kale zimene thabwa limachita: dzinja limafufuma, chilimwe limanyala, ndipo limatero kwambiri m'lifupi kusiyana ndi m'litali. N'chifukwa chake chitseko chimene chimatsekeka bwino mu Okutobala chimafuna phewa mu Febuluwale. Thabwa lalikulu mukalikhomerera mbali zonse, likanyala lilibe kothawira, basi limang'aluka. Koma kachidutswa kosaposa chikhatho kamangosuntha pang'ono m'ngalande yake, diso osaona. Amisiriwo ankaikanso tizidutswato mizere ya thabwa itayang'ana kosiyanasiyana, kuti kukoka kwa kamodzi kusagwirizane ndi kwa kanzake. Ku Egypt kunalinso chifukwa china: mitengo yabwino inali yosowa, yambiri yochokera kunja, choncho ngakhale kachidutswa kotsala sankakataya.

Umboni wooneka bwino wa lusoli uli pa mimbari, guwa limene shehe amaimapo Lachisanu. Ya mu mzikiti wa Alaeddin ku Konya, m'dziko la Turkey, ndi ya mu 1155 ndipo ilipo mpaka lero. Ina Nur al-Din, mfumu ya ku Syria, anaipangitsa ku Aleppo, kenako Saladin, mfumu ya ku Egypt ndi Syria, n'kukaiika mu mzikiti wa al-Aqsa ku Jerusalem atalanda mzindawo mu 1187. Imeneyo inapirira nyengo zaka pafupifupi 800. Chimene chinaiwononga ndi moto umene munthu anayatsa dala mu 1969. Amene ali ku London akhoza kukaona ya Sultan Qaytbay wa ku Cairo m'nyumba yosungiramo zakale ya Victoria and Albert, yokongoletsedwa ndi minyanga ya njovu.

Musadzione ngati olephera. Ngakhale kalelo analipo amisiri amene ankachita zomwe mwachitazo, kusema nyenyezi pa matabwa akuluakulu kuti zioneke ngati zolumikiza, kapena kumata tizidutswa pamwamba pa thabwa. Akatswiri a zakale amazizindikira ndi chizindikiro chomwecho chimene chili pa chitseko chanu: mng'alu wowongoka wodula nyenyezi osalabadira mizere. Pa chitseko cholumikiza, mpata ukaoneka umatsata m'malire a tizidutswa. Wogula zitseko zakale m'masitolo a ku Johannesburg aziyang'ana pamenepo asanamvere nkhani za wogulitsa.

Za mtengo wanu sindikudandaula. Mlombwa ndi umodzi mwa mitengo yosanyala kwambiri imene tili nayo, ndiye ngati wang'aluka chonchi, ndikukayikira kuti thabwalo linali lisanaume bwino mkati. Mbawa nawonso ungagwire ntchitoyi.

Chovuta chenicheni ndi kujambula. Akalewo ankagwiritsa ntchito rula ndi kampasi yojambulira mizere yozungulira. Yambani ndi nyenyezi ya nsonga 8: jambulani mzere wozungulira, muikemo masikweya awiri, yachiwiri itapendekeka madigiri 45. Mizere ya masikweyawo mukaitalikitsa n'kukumana ndi ya nyenyezi yoyandikana nayo, tizidutswa ta pakati timabadwa tokha. Za nsonga 10 ndi 12 zisiyeni kaye. N'zokongola kuposa, koma mukaphonya ngodya ndi theka la digiri pa kachidutswa koyamba, pofika pa ka nambala 10 nyenyezi imakana kutsekeka, ndipo tchizulo singakupulumutseni. Pa chifukwa chomwecho dulani zitsanzo za malata kapena za pulayiwudi, chimodzi pa mtundu uliwonse wa kachidutswa, ndipo muzilembera pa zomwezo nthawi zonse.

Akuluakulu a mzikiti auzeni zoona: chitseko chonse cha mtundu umenewu ndi ntchito ya miyezi, ndipo mtengo wake si wa chitseko wamba. Ngati thumba silikulola, pangani chitseko cha felemu ndi mapanelo monga mwa masiku onse, koma panelo imodzi kapena ziwiri za pamwamba zikhale zolumikiza. Paneloyo muilowetse m'ngalande ya felemu osaimata, musiye kampata ka mamilimita awiri mbali zonse, ndipo vanishi mupake tizidutswa tisanalumikizidwe kuti asamatitse malilime.