Funsani Tikuyankheni: Kodi Ndingathe Kutsikira ku Boiling Pot?

Akonzi, ndine mayi wa zaka 54 ndipo ndimakhala ku Chilenje kuno ku Lusaka. Ana anga akonza zonditengera ku Livingstone kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo mwana wanga wachisamba akulimbikira kuti tikatsikire m'chigwembe mpaka pamalo otchedwa Boiling Pot. Ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku lililonse, komanso bondo langa lakumanja limandiwawa kukazizira. Kodi ndivomere, kapena ndikawadikire pamwamba?

Mayi wa ku Chilenje

Amayi, funso lanu ndalikonda chifukwa mwafunsa musananyamuke. Ambiri amadzifunsa zimenezi ali kale pansi pa chigwembe, miyendo ikunjenjemera, maso ali kumwamba kumene achokera.

Chimene chimanyenga anthu panjira imeneyi n'chakuti imayamba ndi kutsetsereka. Munthu akamakwera phiri, thupi limamuuza msanga kuti mphamvu zikutha, ndiye amabwerera njira yake ili yotsika. M'chigwembe zimatembenuka: mumatsika mukucheza, mumthunzi wa mitengo ya kanjedza, osadziwa kuti ntchito yeniyeni ikukudikirani pobwerera. Mathithiwa ndi akuya mamita 108 pamalo ake akuya kwambiri, ndipo chigwembe chimene mtsinje wa Zambezi unakumba m'thanthwe lakudalo n'chakuya pafupifupi chimodzimodzi. Kuti mumvetse bwino, tsiku lina mukamadutsa mu Cairo Road mukayang'ane Findeco House kuyambira pansi mpaka pamwamba. Nyumba imene ija ndi yotalika mamita 90, choncho mtunda umene mudzakwere ndi mapazi anu ukuiposa.

Pa thupi lanu pali zinthu ziwiri zosiyana. Bondo lidzavutika potsika, chifukwa pa sitepe iliyonse limalandira kulemera kwa thupi lonse, ndipo masitepe akumeneko ndi osalingana, ena ataliatali, ena ongokhala miyala. Mtima udzavutika pokwera. N'chifukwa chake sindingakuuzeni kuti pitani musanaonane ndi adokotala amene amakupimani. Muwafotokozere mosabisa kuti mukufuna kukwera kuchokera pansi pa chigwembe chakuya mamita pafupifupi 100 pamalo otentha, ndipo muwafunse ngati mankhwala anu ali m'gulu la aja okodzetsa, pakuti amenewo amachepetsa madzi m'thupi ndipo angakuchititseni chizungulire mukatuluka thukuta lambiri. Musadumphitse kumwa mankhwala tsiku la ulendolo pokhapokha iwo atakuuzani.

Akakulolani, yambani kukonzekera kudakali milungu ingapo. Mzinda wathu wa Lusaka ndi wathyathyathya, moti munthu angathe kuyenda kuchokera ku Chilenje mpaka ku Kabwata osakwera chitunda chenicheni. Pezani nyumba yosanja, muzikwera ndi kutsika masitepe ake katatu pa mlungu, mukuwonjezera pang'onopang'ono. Bondo likatupa kapena chifuwa chikamalemera, yankho mwalipeza muli konkuno.

Nyengo nayo musankhe bwino. Livingstone ndi wotsika kuposa Lusaka ndipo amatentha kwambiri, makamaka mu Okutobala, pamene miyala yakuda ya m'chigwembe imatentha ngati chiwaya. Cha mu Epulo madzi amakhala atasefukira, nkhungu ya mathithi imanyowetsa ponseponse ndipo miyala imaterera. Kwa inu ndingasankhe Juni kapena Julayi, ndipo mukalowe m'mawa chipata chikangotsegulidwa. Popeza ulendo wa pa basi kuchokera ku Intercity, kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, ndi wa makilomita oposa 450, mugone kaye usiku umodzi miyendo iwongoke. Pachipata mukafunse ogwira ntchito mmene njira ilili tsiku limenelo.

Ine nditatsika kumeneko, ndinakumana ndi bambo wina atakhala pamwala chapakati pa njira, atavala nsapato zosalala za ku ofesi, malaya ali chonyowa, botolo lake la madzi lili gwa, lopanda kanthu. Tinamugawira madzi athu ndipo tinakwera naye pang'onopang'ono, tikupuma pafupipafupi. Inu muvale nsapato zomanga ndi zingwe, zokhala ndi mano kunsi, osati patapata. Chitenje mumange chokwezeka kuti chisakukoleni, mutenge ndodo yolimba m'dzanja lakumanzere kuti ipepukitse bondo lodwalalo, ndipo madzi akhale osachepera lita imodzi ndi theka, onyamula ana anu. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka, chifukwa anyani a panjirapo anazolowera anthu ndipo amatsomphola jumbo ya pulasitiki m'manja mwa munthu. Akatero, musalimbane nawo.

Mukafika pansi mudzaona chifukwa chake mwana wanu akulimbikira. Madzi onse a mathithi otambalala mamita oposa 1,700 amapanikizana pampata umodzi wopapatiza, n'kudzazungulira pamenepo ngati madzi owira mumphika, ndipo mukatukula maso mumaona mlatho wachitsulo umene unamalizidwa mu 1905 ukulumikiza Zambia ndi Zimbabwe, uli lende m'mwamba. Koma musayandikire m'mphepete ngakhale kuti mungosamba m'manja, pakuti miyala yake ili ndi ndere ndipo madziwo amakoka mwamphamvu.

Musanayambe kutsika, mupangane ndi ana anu kuti mmodzi aziyenda pambuyo panu nthawi zonse, ndiponso kuti mukanena kuti tibwerere, pasakhale wokunyengererani kuti kwatsala pang'ono. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, khalani pansi pamthunzi ndipo mmodzi athamange kukaitana thandizo kuchipata. Adokotala akakukanizani, kapena bondo likakana pokonzekera paja, aloleni anawo atsike okha, inu mukayende njira yapamwamba yopita ku mlatho wa Knife-Edge. Masitepe ake ndi ocheperapo, ndipo mathithi mudzawaona maso ndi maso. Mukanyamule chovala cha mvula, chifukwa mu Juni nkhungu yake imanyowetsabe.