Mabimu osagwirana ndi zipilala mukatumiza modelo ku Robot

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake modelo yanu imaoneka bwinobwino mu Revit, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira nyumba, koma mukaitumiza ku Robot, pulogalamu yowerengera kulimba kwa nyumba, imakana kuwerengera n'kumati nyumbayo ndi yosakhazikika. Kawirikawiri vuto silikhala la Robot ayi.

Mu Revit muli mamodelo awiri. Ina ndi imene mumaiona, ya konkire ndi zitsulo. Inayo ndi ya analytical, timizere ndi timfundo basi, ndipo Robot imawerenga imeneyi. Ndiye bimu ikhoza kulowa m'chipilala pachithunzi, pamene kamzere kake kathera mamilimita 20 kasanafike pa kamzere ka chipilalacho. Kwa kompyuta, bimu imeneyo ikungolendewera m'malere.

Simunanene kuti Revit yanu ndi ya chaka chiti, komatu zimasiyana. Mpaka ya 2022 timizereti tinkabwera tokha n'kumatsatira bimu iliyonse. Kuyambira ya 2023 mumatijambula nokha kapena kugwiritsa ntchito Analytical Automation, chida cha mu Revit chimene chimakujambulirani timizereti, ndipo mukasuntha chipilala, kamzere kake kamatsala pomwe kanali mpaka mutayendetsanso chidacho. Ambiri amakodwa pamenepa, inenso ndinakodwapo.

Mu Revit tsegulani view (tsamba loonerapo modelo) yoonetsa timizere tokha, muike sefa pa Connection Status (imene imasonyeza ngati kamfundo kagwirana ndi chinthu china) kuti timfundo tosagwirana tizioneka tofiira, kenako muzikokera kalikonse pakati pa chipilala. N'zotopetsa, koma kuli bwino kukonzera mu Revit momwemo, chifukwa zokonzera ku Robot mudzazibwerezanso mukatumiza modelo yatsopano.

Robot ikapitirizabe kudandaula, onani ma release, kutanthauza mmene nsonga za bimu zamasulidwira kuti zizitha kuyenda kapena kuzungulira. Bimu yomasulidwa kupotokola mbali zonse ziwiri imangozungulira yokha. Muonenso ngati pansi pa chipilala chilichonse munaikapo support, chochirikiza chimene chimagwira chipilalacho pansi.